Makala a Tusekele pa Khoma la Mpanda

Tusekele ndinamudziwa ali kamwana, titangosamukira ku Area 25 moyandikana ndi makolo ake. Anzake akamasewera fulaye, iye ankangoyang'ana fumbi likuvina m'kuwala kolowera pazenera. Ukamutuma mchere, ndiwo zinkapsa asanabwere.

Ku yunivesite anasankha fizikisi, makamaka za tinthu ta m'kati mwa atomu, toti kafumbi kaja ndi phiri. Maloto anali nawo, koma masamu anamuvuta. Anamuuza kuti akalembenso mayeso, ndipo akalepheranso, sukulu yathera pomwepo.

Tchuthi chonse anathera kuseri kwa nyumba yawo, akulemba ndi makala pakhoma la mpanda. Ankati papepala masamu amamupanikiza, koma pakhoma amapuma. Ndikamayanika zovala ndinkaona zolembazo zikuyanga ngati maungu.

"Amayi," anandiuza tsiku lina, maso ali kutali, "khomali mukuliona lolimba, komatu ndi tinthu tongovina basi."

Kenaka kwawoko kunabwera amayi a kumpingo kudzachita mapemphero, poti bambo ake ndi mkulu wa mpingo. Mmodzi anazungulira kuseri, n'kuona chizindikiro cha mano atatu ngati foloko, ndi china chopindika ngati njoka. Pofika madzulo nkhani inali pachigayo: mwana wa mkulu wa mpingo walowa zausatana.

Bambo ake sanafunse. M'mawa mwake Tusekele atapita kumsika, anapaka laimu khoma lonse. Mtsikanayo atabwera anangokhala pansi n'kulira. Ndinamva chisoni, ndipo mtima unandipsa.

"Adadi, kuwerenga kwanga konse kunali pamenepo."

Bambowo anaima, bulashi ikudontha. "Nanga foloko ija n'chiyani?"

"Imanena pamene kanthu kosaoneka kangapezeke."

Bambowo anayang'ana khoma lonyowalo. "Likauma, ulembenso ndione," anatero.

Khoma litauma, Tusekele anatola khala. Anayamba mokayikira, koma mzere unkaitana unzake, mpaka zonse zinatuluka m'mutu popanda buku. Anadabwa yekha. Kuyambira pamenepo, khoma likadzaza, bambowo ankasungunula laimu wina osauzidwa.

Mayeso aja anakhoza, ndipo anabwerera kusukulu kukasaka tinthu take. Zolemba zomaliza zidakali pakhomapo, mvula ikuzifufuta pang'onopang'ono, ndipo bambowo safuna kumva za laimu. Amayi a kumpingo akabwera, amawaikira mipando kuseri komweko, moyang'anizana ndi foloko ija.