Chitseko Chimene Chinakana Khomo Langa

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, nditaona kuti aphunzitsi ayamba kubwereza zimene ndinkadziwa kale. Ndiye mdzukulu wanga wamkazi atandiuza kuti kusekondale kwawo m'mawa amaphunzira masamu ndi Chingerezi, masana ukalipentala, ndinaseka mpaka kutsokomola.

"Mkazi wanga," ndinatero, poti agogo ndi adzukulu timachezerana choncho, "mayeso a Fomu 4 udzalemba ndi sowo?"

"Ndidzalemba ndi bolopeni, agogo. Sowo ndi wokupangirani chitseko, mbuzi zisiye kugona nanu."

Amene sankaseka ndi malume ake, mwana wanga wamwamuna wogwira ntchito kuboda. Fizi amalipira ndi iyeyo, ndipo kwathu kuno mawu a malume salumphidwa. Ankati matabwa akumudyera mwanayo nthawi ya mabuku. Anagamula kuti abwera Loweruka kudzaona chitsekocho. Chikakhala chamasewera, ukalipentala uthere pomwepo.

Chitseko ndi felemu yake zinafika kwathu ku Mkanda Lachisanu, zitamangidwa panjinga ndi mphira. Chosalala, ngodya zowongoka, fungo la vanishi lili guu. Koma khomo la nyumba yanga ndinamanga ndekha ndi zidina, choyezera chili diso, ndipo tsiku limenelo disolo linali litalawako masese. Kumtunda n'kotakasuka, kumunsi kopanikiza. Mdzukuluyo anali atayeza kumtunda kokha, poti kusukulu kwawo khomo silisintha maganizo likamatsika.

Felemu inakana kulowa.

Mdzukulu anakhala pakhonde, sikweya yake yoonera ngodya ili m'manja. Kenako anati angozipala m'mbali zonse ziwiri. Ndinakana. Chitseko chotsatira khomo langa chikanatuluka ngati tsamba la fodya, ndipo malume akanati ndi zimene amaphunzitsa kumeneko.

Loweruka m'mawa malumewo anandipeza ndi chikwanje, ndikusema khoma, fumbi lili koboo.

"Bambo, mukugwetsa nyumba?"

"Ndikuiphunzitsa. Nayonso sinapite patali ndi sukulu."

Mdzukulu ankaika sikweya n'kundilozera poti ndiseme. "Apa, agogo. Ayi, apo mwapyoza, mukufuna windo?" Ndinkamvera bwinobwino, zimene agogo ake aakazi sanazionepo chikwatirane. Felemu italowa anakhoma mahinjesi yekha, malume akumugwirira chitseko poti panalibe wina, shati yoyera ya malumewo ikusanduka katondo.

Mwana wangayo anatsegula, n'kutseka. Anatsegulanso. Anagogoda thabwa ndi chala ngati akugula chivwende.

"Nanga masamu?"

"Teremu yathayi ndinakhoza, malume. Kuyeza matabwa kwandithandiza, ngodya zija za m'buku tsopano ndimazigwira ndi manja."

Malumewo anasasa fumbi pashati. Ine ndinayamba kusakasaka fodya wanga m'thumba kuti asaone mano. Patapita kanthawi anafunsa, maso ali kwina, ngati kusukuluko amaphunzitsanso kupanga mashelefu, poti kunyumba kwake kuboma mbale zimakhala pansi.