Masingano a Kutsidya

Mwezi uliwonse ndinkafa n'kudzukanso. Ululu unkayambira m'chinena n'kuzungulira kumsana, mpaka ndinkakwawa pansi ndikuluma chitenje. Amayi ankati ndi mmene tinalengedwera akazi, zidzatha ndikadzabereka. Ndinakwatiwa, koma mwana osabwera, ululu osachoka.

Kwathu kwa Mlonyeni zotere sizibisika. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, ndiye ndikangoitana mng'ono wanga kuti adzandithirire, mudzi wonse unkadziwa kuti mwezi unonso palibe kanthu. Asing'anga ananditema mphini m'chiuno mpaka malo anatha. Kuchipatala ankandipatsa asipirini n'kundiuza kuti ndilimbe mtima, ngati kuti chopweteka chinali mtima.

Amuna anga, mkamwini wofatsa amene chuma chake chinali njinga, anamva kwa ogula mtedza kuti kutsidya, ku Zambia, kuli dokotala wa ku China wochiza ndi masingano. Masiku amenewo Matchaina a kutsidya sankatchulidwa mokweza, poti boma lathu silinkagwirizana nawo. Tinkadzera tinjira ta m'minda ya fodya, makadi a chipani ali m'thumba, wotifunsa tikumuuza kuti tikupita kumaliro.

Dokotalayo anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula. Anandigoneka n'kundibaya timasingano toonda ngati tsitsi, pamimba, m'miyendo, mpaka paphazi. Ndinaseka chamumtima kuti phazi lalakwanji. Koma titapitako kangapo, tsiku lina ndinapezeka kudimba ndili kumwezi, nditaima njo, khasu lili m'manja. Ndinalira pakati pa mpiru. Sindinkadziwa kuti akazi anzanga amakhala chonchi.

Kudzera mwa namwino womasulira, dokotala anatiuza kuti masinganowo ndi ochepetsa ululu basi, za mwana sakulonjeza, ndipo ndisasiye kubwera. Ine ndinamva zonse. Amuna anga anamva zimene ankafuna. Anandipalasira dzinja lonse, matope osawaona, koma khutu lili kumchere. Nthawi yokolola atandimva ndikuitananso mng'ono wanga, anakhala pakhonde osadya.

"Mphini amapakamo mankhwala, jakisoni amakhala ndi mankhwala," anatero. "Masingano ajawa ndi ouma. Tikuvutikiranji?"

"Koma kupweteka kuja kunachepa, amuna anga."

"Kodi tinkapitira kupweteka?"

Sanali munthu wankhanza, n'chifukwa chake funso limenelo limandiwawa mpaka lero. Fodya atagulitsa anamanga katundu wawo pakaliyala n'kubwerera kwawo kwa Mavwere, monga amachitira mkamwini banja likatha. Kutsidya kunali kutali kwa woyenda pansi, ndipo mkazi yekha sakanadutsa m'minda muja. Ululu unabwerera pang'onopang'ono, mpaka ndinayambiranso kuluma chitenje.

Azimayi ankabwera kudzandipepesa, akuti ndisadandaule, amuna sanathe padziko. Ndinkalira ndithu, iwo n'kumauzana kuti mwanayu ankawakonda amuna ake. Sindinawauze kuti ndinkalira njinga.