Kabuleta ya a Ndionekaye

Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso cha ubatizo. Pa doko ponse ankawatcha a Ndionekaye, chifukwa munthu akawauza kuti injini yake yafa pulagi, kapena kuti petulo amene wagula ndi wabwino, ngakhale kuti kunja kwayamba mvula, yankho linali limodzi: "Ndione kaye."

Anali makaniko wa mainjini omangirira kumbuyo kwa boti. Shedi yawo inali ya malata akale, pafupi ndi pamene anthu amakwerera boti lowoloka mtsinje. M'katimo munali tebulo lakuda ndi oyilo, zitini za mkaka zodzaza mabawuti, ndi mgolo wodula pamwamba wodzaza madzi, umene ankamangirirapo injini poiyesa. Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata, ndipo anakalamba akumva fungo la petulo. Akazi awo atamwalira anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi. Kutchalitchi sankajomba. Posachedwapa anasamukira pa benchi ya kutsogolo, nati abusa atsopano amalalikira chamumtima. Ankadandaulanso kuti anthu a masiku ano akonda kunong'onezana, ndipo wonong'ona aliyense ankamuyang'ana ndi diso la kumbali.

Chimene ankanyadira nacho chinali khutu. Boti likali kutali, iwo ankatha kunena mwini wake ndi matenda a injini yake.

Injini imene ankaikonda kuposa zonse inali yawoyawo, yakale kuposa mwana wawo, utoto utatha kusupuka. Mwanayo atakwatiwa anaipereka kwa mkamwini wawo, munthu wofatsa wosachuluka mawu, kuti aziwolotsera anthu. Tsopano mwana uja anali woyembekezera, masiku atayandikira, ndipo chipatala chinali kutsidya. Mlatho unali kutali kwambiri. Nthawi yomweyo ndi imene injini inasankha kuyamba mwano. Pothamanga inkayenda bwino, koma mkamwini akangochepetsa moto poyandikira doko la kutsidya, pamene madzi amakokera ku miyala, inkazima.

"Mwaichita chiyani?" anafunsa a Ndionekaye.

"Palibe, bambo. Yangoyamba yokha."

"Injini siyamba yokha. Ikani patebulopo."

Anamasula kabuleta, kachigawo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya, nayala tizidutswa take pa nsalu yoyera. Singano yotseka petulo inali itadyeka kunsonga, gasiketi yotchinga kuti petulo asadonthe itang'ambika. Gasiketi sinawavute: anadula ina pa pepala lolimba, akugogoda m'mbali ndi kahamala. Singano ndiyo inali nkhani, pakuti mainjini a mtundu umenewo anasiya kupangidwa kalekale.

Anaika singano yakaleyo m'bokosi la machesi nakwera basi kupita ku tauni, ku msewu wa ogulitsa masipeya. Wa sitolo yoyamba anaseka. Wachiwiri sanadzuke n'komwe pa mpando. Wachitatu, bambo wa mimba yaikulu amene ankadziwana nawo, anatulutsa kapaketi konyezimira.

"Nayi, madala. Yeniyeni."

"Ndione kaye."

Anaika singano ziwirizo pachikhatho, naziyang'ana pa dzuwa.

"Yanuyi ndi yaifupi."

"Aa, madala, kusiyana kwake ngati tsitsi!"

"Tsitsi lomwelo likagwa m'tiyi wanu mumamwa? Kuseri kwanu kuja mumataya zakufa, nditsegulireni."

"Inu mudzafunsa chiphaso ngakhale kwa mngelo wodzakutengani," anatero wogulitsayo akufunafuna kiyi.

Kuseriko kunali mulu wa mainjini adzimbiri. Anafukula mpaka malaya ananyowa, napeza mnzake wa injini yawo, mutu wosweka, akangaude atamanga m'kati. Kabuleta yake inali yosatsegulidwa. Singano yake inali yabwino. Asanaiike m'bokosi anaikanda pang'ono ndi mpeni kumbuyo, kuti wina akadzaisintha adzadziwe.

Kunyumba anatsuka tinjira tonse ta kabuleta, napemerera ndi pakamwa, namanga. Anamangirira injini pa mgolo, mkamwini anakoka chingwe, ndipo utsi unadzaza shedi. Tsopano inafika ntchito ya khutu. Pambali pa kabuleta pali kabawuti kakang'ono kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya petulo injini ikamayenda pang'onopang'ono. Ukakatsegula kwambiri injini imatsamwa ndi kufuka utsi. Ukakatseka kwambiri imamva njala, n'kumayetsemula, kenaka n'kuzima. A Ndionekaye anapotoza uku, anapotoza uko, mutu atapendeka.

"Yakhala," anatero.

Mkamwini anatsegula pakamwa, natsekanso, nayang'ana pansi. Iwo anaona, nasunga mumtima.

M'mawa mwake mkamwini anapita kukaiyesa pamtsinje yekha. Anabwerako akupalasa ndi nkhafi, mbali ya boti itakalika ndi miyala.

A Ndionekaye sanamufunse ngati wavulala. Anatsegula thanki nanunkhiza, kufuna fungo la parafini. Anathira petulo m'botolo kuti aone ngati madzi akhala pansi. Munalibe. Anamasulanso kabuleta mokwiya.

"Dzulo ndinakuonani, akamwini. Maso anu ankathawa. Singano yanga mwapatsa ndani?"

"Bambo, ine sindinakhudze."

"Tiona."

Singano inali momwemo, ndi kachizindikiro ka mpeni kaja. Anaitembenuza kangapo. Ndiye kuti wamimba uja anawapusitsa? Kapena wina analowa mu shedi? Anayang'ana loko wa pachitseko. Potembenuka anaona mwana wawo ataima pakhomo, dzanja lili m'chiuno, milomo ikuyenda, mwamuna wake akupukusa mutu.

"Mukunong'onezana chiyani pamenepo? Nenani poyera!"

Mwanayo analowa pang'onopang'ono, nakhala pa kreti pafupi nawo, nakweza mawu.

"Sitikunong'ona, bambo. Tikulankhula monga anthu onse amalankhulira. Ndimawauza awa kuti akuuzeni, akukana. Dzulo injini ija inkayetsemula mumgolomo. Ine ndinamva ndili kuseri, ndikuyanika zovala."

"Bodza."

"Ndinakuitanani katatu kuti tiyi wapsa, simunacheuke. Abusa aja salankhula chamumtima, bambo. Amachita kukuwa mpaka ana amalira."

A Ndionekaye anayang'ana mkamwini wawo.

"Inu munamva?"

"Ndinamva, bambo."

"Osanena bwanji?"

"Ndikanayambira pati? Ine kuuza inu za injini?"

"Ndiye munalolera kukamira? Nanga mukanakhala mutanyamula uyu?"

A Ndionekaye anamanganso kabuleta, bawuti ndi bawuti, napukuta manja.

"Ndione kaye," anatero, koma mawu awo anatuluka ofooka. "Kokani chingwe."

Injini italira anachepetsa moto, natchera khutu monga mwa masiku onse. Kwa iwo inkamveka yosalala, ngati mvula ya kutali. Kenaka anaika chikhatho pamwamba pake. Sipanapite nthawi, chitsulo chinadumpha pansi pa dzanja lawo, ngati mwana wodzidzimuka kutulo. Chinadumphanso. Khutu silinawauze kanthu.

Anaima choncho, dzanja lili pompo. Milomo yawo inayenda pang'ono, ndipo mwana wawo, amene ankadziwa mapempheredwe awo, anayang'ana kumbali.

"Akamwini, bwerani kuno. Gwadani apa. Ine ndipotoza, inu mumvere. Ikayetsemula kwezani chala. Ikatsamwa gwetsani dzanja. Ulemu wanu uja usiyeni panja. Ndipo musayese kundinamiza, dzanja langa lili pano."

Anatsegula kabawuti pang'ono. Chala chinakwera. Anatsegulanso. Chala chinakweranso, mochedwa. Anapitiriza mpaka utsi unachuluka, dzanja la mkamwini linagwa. Anabweza pang'ono pokha.

"Apo, bambo! Apo!" anakuwa mkamwini, koyamba chikwatirire kukweza mawu pamaso pa apongozi ake.

"Mgolo si mtsinje," anatero a Ndionekaye. "Nyamulani."

Anakweza m'boti matumba a mchenga kuti lilemere ngati muli anthu, iwo nakhala kumbuyo ndi sikuludilaiva, dzanja lina pa injini. Pafupi ndi miyala ija mkamwini anachepetsa moto. Chala chinakwera kamodzi, iwo anapotoza pang'ono, ndipo injini inagwira. Sanakhutire. Anabwerera, nayesanso, nayesanso, mpaka amayi ochapa kutsidya anayamba kuwafunsa ngati asochera.

Mwana wawo anawoloka kupita kuchipatala m'mawa wina kukuwala bwino, azakhali ake atamugwira mapewa. A Ndionekaye anatsala pa doko. Phokoso la injini linawathera boti lisanafike n'komwe pakati, choncho anangoyang'ana kautsi kake mpaka kanadutsa miyala.

Masana mkamwini anabwera akuthamanga, naima pafupi ndi khutu lawo.

"Ndi mtsikana, bambo! Onse ali bwino! Akuti mphuno ndi yanu!"

A Ndionekaye anavula chipewa, nachigwira pachifuwa kanthawi. Kenaka anatseka shedi, nagwedeza loko kawiri, nalunjika ku boti.

"Ndione kaye," anatero.