TV ya Mai Fungai

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinachititsa manyazi munthu wamkulu pamaso pa anthu a ku Budiriro, ndipo kwa kanthawi kochepa tsiku limenelo panalibe mwana wokondwa kuposa ine mu Harare monse.

Tinkakhala m'zipinda ziwiri zalendi kuseri kwa nyumba ya eni, anthu anayi: bambo, amayi, ine Esinati ndi mng'ono wanga Chikondi. Agogo anachokera ku Ntcheu kalekale kudzafuna ntchito, koma ife tonse tinabadwira konkuno. Kunja tinkayankhula Chishona, m'nyumba Chichewa, ndipo amayi akapsa mtima ankasakaniza zonse ziwiri. Bambo anali kalipentala ku Glen View, kuja amakhomera mipando panja. Ankanyamuka wapansi m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka, tsitsi lili mbuu ndi utuchi, zovala zikununkha guluu.

Chaka chimenecho m'masitolo munalibe kanthu, ndipo munthu wanjala sagula sofa. Bambo ankapitabe kuntchito tsiku lililonse, ngakhale sabata yathunthu ithe osagulitsa ndi kampando komwe. Kenaka anayamba kutsokomola. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu, n'kuwapatsa mapiritsi oti azimwa miyezi yambiri osadumphitsa. Mapiritsiwo anali ankhanza. Akawamwa tsiku limene m'nyumba munalibe chakudya, ankapita kuseri kwa chimbudzi kukasanza. Chimene tinkasowa sichinali chachikulu ayi. Tinkasowa ufa woti bambo azipeza phala tsiku lililonse kuti mankhwala azikhazikika m'mimba.

Ndiye kunamveka kuti bungwe lina lidzalemba mabanja ovutika, ndipo olembedwawo azilandira thumba la ufa, nyemba ndi botolo la mafuta mwezi ndi mwezi. Olembawo, amene ife tinkangowatchula kuti anthu a mafomu, ankayenda khomo ndi khomo kuti adzionere okha. Ine ndinati basi, tapulumuka. Ndani akanawaona bambo mmene anawondera n'kutikana?

Kutsidya kwa mpanda wathu kunkakhala Mai Fungai, mnzawo wa amayi wa kutchalitchi, nawonso makolo awo a ku Malawi. Mwana wawo Fungai ankagwira ntchito ku Joni, ndipo mwezi sunkatha basi isanawatsitsire chikwama cha mpunga, sopo ndi mafuta. Lamulungu ankavala nsapato zagogoda zomveka kuchokera pageti. Kutatsala tsiku limodzi kuti anthu a mafomu afike mumsewu mwathu, anatulukira pakhomo pathu nkhope ili yachisoni.

"Mai Esinati, denga langa likudontha. Mundisungireko TV ndi filiji masiku awiri atatuwa."

Ndinayang'ana kumwamba. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kopanda ndi kamtambo komwe. Amayi sanafunse kanthu. Kwathu munthu akakusungitsa katundu umangolandira ndi manja awiri, sufufuza. Pofika madzulo filiji inali itaima pakona pa chipinda chathu chochezera, TV ili pamwamba pake, pafupi ndi sofa yatsopano imene bambo anaibweretsa kunyumba itasowa wogula.

M'mawa mwake amayi anandidzutsa kuti ndipake polishi pansi mpaka pawale. Anayala kansalu koluka patebulo. Kenaka anatulutsa kabotolo ka shuga kamene ankabisira bambo, muli masipuni mwina atatu, n'kuteleka madzi a tiyi. Ndinati, "Amayi, anthuwa akubwera kudzaona ngati tikuvutika." Iwo anati, "Alendo alowe m'nyumba mwanga n'kutuluka kukhosi kuli gwa? Ine ayi. Pukuta makapu."

Anabwera awiri, mayi wa magalasi ndi bambo wonyamula mafayilo. Anakhala pasofa paja, mapulasitiki ake akulira, n'kumwa tiyi wa bambo anga. Maso awo anayenda pa TV, pa filiji, pansi powala paja. Mayi wa magalasi anafunsa ngati bambo a pakhomopo amagwira ntchito.

"Eya, ndi kalipentala," amayi anayankha mutu uli m'mwamba. "Mpando mwakhalirawo anapanga ndi iwowo."

Cholembera chinayenda kamodzi kokha. Ine mawu anali atafika kale pamlomo akuti TV si yathu, filiji si yathu, shuga mwamwayo ndi womaliza. Amayi anandiponyera diso limodzi, mawuwo n'kubwerera okha kumimba. Mwana sayankhira alendo akamacheza ndi akuluakulu.

Atatuluka ndinathamangira kumpanda kukasuzumira. Abale, zimene ndinaona. Mai Fungai anali atakhala pachiguduli m'chipinda chopanda kanthu, kumapazi kulibe nsapato, atavala chitenje chong'ambika chimene ndinkachidziwa bwino chifukwa ankakolopera. Ankayankhula motsitsa ngati munthu woti sanadye masiku atatu, ndipo pakati pa mawu ankatsokomola. Kutsokomola kumeneko n'kumene kunandipsetsa mtima koposa, chifukwa anatengera kwa bambo anga, amene ankawamva m'mawa uliwonse kudzera pampanda.

Mayina anawamata pakhoma la holo ya tchalitchi. Ndinawerenga katatu ndi chala. La Mai Fungai linalipo, lathu panalibe. Tsiku lomwelo ndinawapeza bambo atagwira khoma la chimbudzi, akupukuta pakamwa ndi mkono wa shati. Atandiona anamwetulira ngati palibe chachitika, n'kunyamula chikwama cha zida kulowera ku Glen View.

Katundu uja sanachoke. Masiku awiri atatu aja anasanduka masabata awiri, poti mwini wake ankaopa kuti anthu a mafomu angabwerenso. Ndipo amayi ankandituma kuti ndizipukuta fumbi pa TV m'mawa uliwonse, ati katundu wa eni asabwerere ali wakuda. Ndinkapukuta, inde, kenaka n'kulavulira kuseri kwa filiji. Ndinaganizapo zothira madzi m'timabowo ta kumbuyo kwa TV. Ndinaganizapo zodula chingwe ndi lumo. Koma zonsezo zinali zazing'ono. Ndinkafuna chinthu choti Mai Fungai akachikumbukira azisowa poyang'ana.

Tsiku logawa linali Loweruka. Bambo anali kuntchito, amayi ndi Chikondi ali pamzere wa madzi kumjigo. Ndinayala chitenje pansi, kuikapo TV, kumanga mfundo, kupinda nkhata, n'kudzisenza ndekha mogwada. Inali TV yakale ija ya chimsana chachikulu. Khosi linkachita ngati lithyoka, koma mkwiyo unandigwirira katunduyo. M'njira azibambo a pashopu anandiseka kuti, "Iwe, magetsi kulibe, ukukaonera kuti?"

Pabwalo la tchalitchi panali anthu osaneneka, fumbi, fungo la thukuta ndi la matumba atsopano. Mai Fungai anali achitatu pamzere kuchokera patebulo, atavala chitenje chokolopera chija. Ndinadutsa mzere wonse. Nditafika ndinagwada bwinobwino monga anandilerera amayi, kutula katundu pamapazi awo, kumasula mfundo pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Ndinayamba m'Chishona kuti bwalo lonse limve, kenaka ndinabwereza m'Chichewa kuti ziwalowe mpaka m'mafupa.

"Mai Fungai, nayi TV yanu ija munasungitsa kwathu anthu a mafomu asanabwere. Filiji mukatenge nokha, yandikanika kusenza. Kaya denga lija linasiya kudontha?"

Kenaka mayi wina kumbuyo anaphulika ndi kuseka, mzere wonse n'kutsatira. Mai Fungai anati sakundidziwa. Anthu anati, "Aa, mwana wa Mai Esinati simukumudziwa lero?" Wina anatchula za chikwama cha ku Joni, wina za nsapato zagogoda, anthu amene dzulo lake ankawapatsa moni mwaulemu. Mayi wa magalasi uja anaitanitsa fayilo, kufunsa mafunso awiri, n'kudula mzere padzina lawo. Mai Fungai anachoka atafunda chitenje kumutu, TV n'kuisiya pomwepo pafumbi. Ndisaname, chiyambire sindinalaweponso chinthu chokoma ngati mphindi imeneyo.

Ndinaimirira, kusasa maondo, n'kupita patebulo. Ndinati, "Tsopano lembani dzina la bambo anga. Mwaona nokha kuti katundu uja sanali wathu."

Mayiyo anafufuza fomu yathu, n'kuitembenuzira kwa ine. Analoza kabokosi kamodzi kochongedwa.

"Mwanangu, za TV sitinalembe n'komwe. Apa akuti pakhomo panu pali wogwira ntchito. Thandizoli ndi la makomo opanda wogwira ntchito kapena wowathandiza."

"Koma akudwala."

"Akudwala, koma kuntchito akupita?"

"Akupita."

"Ndiye palibe chimene ndingachite."

Thumba la Mai Fungai linapita kwa munthu wina wa pamndandanda wodikirira, amene sindinamuonepo ndi kale lonse. Ine ndinasenzanso TV ija kubwerera nayo, poti katundu wosungitsidwa sungamusiye pabwalo. Ulendo uno inalemera kawiri.

Nkhani inandipitirira m'njira. Ndinawapeza amayi ataima pakhomo, zigubu za madzi zili pansi, patapata ali m'manja. Anandimenya mpaka dzanja linatopa, ndipo chimene chinandiopsa n'chakuti olira anali iwowo. Atatha anakhala pasitepe n'kunena mawu amene ndimawamvabe.

"Ukuyesa ine ndine wakhungu? Ukuyesa sindinaone kuti kunja kulibe mvula? Ndinafunsa kale kwa anthu a ku Glen View kumene anayambira kulemba. Khomo la munthu wogwira ntchito salilemba, adwale asadwale. Tinapangana ndi Mai Fungai kuti ndikawasungira katundu, pathumba lililonse azitipatsa ndowa imodzi ya ufa. Phala la bambo ako linali m'thumba limene lija."

Bambo atabwera anamva zonse akumasula zingwe za nsapato. Sanandikalipire. Anangoti, "Esinati, TV yonse ija unasenza wekha?" Nditavomera anapukusa mutu, n'kuyamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Bola akanandimenya.

M'mawa mwake amayi anandiperekeza kukapepesa. Ndinagwada pakhonde la Mai Fungai dzuwa likundiwotcha m'khosi, iwo n'kutseka chitseko. Madzulo anatuma anthu kudzatenga filiji ndi TV. Kuyambira pamenepo sanatipatsenso moni, ngakhale kutchalitchi. Iwo sanagone ndi njala ndi tsiku limodzi lomwe, basi ya ku Joni inkabwerabe.

Bambo anapitiriza kuyenda wapansi kupita ku Glen View. Anzawo ena anawalangiza kuti angosiya ntchito, kapena abise zida kwa mnansi kuti polembanso adzalowe. Anakana. Ankati iwo sanagonepo masana chibadwire, ndipo sayamba lero chifukwa cha thumba la ufa. Masiku opezeka chakudya mankhwala ankakhazikika, masiku ena ankabwerera, ndipo kenaka anayamba kudumphitsa osatiuza. Mvula itayamba kugwa zenizeni, tsiku lina m'mawa analephera kudzuka.

Anthu a mafomu anabweranso chaka chitangoyamba. Amayi sanandiuze zopaka polishi, ndipo shuga munalibe. Sofa ija inali itagulitsidwa kale, alendowo anakhala pazigubu. Mayi wa magalasi yemwe uja anasuzumira kuchipinda kumene bambo anagona, n'kufunsa funso lake lija. Amayi anayankha maso ali pansi kuti, "Anasiya." Tinalembedwa pomwepo, popanda vuto lililonse.

Thumba loyamba ndinakatenga ndine. Ndinaphika phala losalala, kuthiramo kamafuta, n'kupita nalo kuchipinda. Bambo anamwa masipuni awiri, n'kunena kuti lakoma, n'kutembenukira kukhoma. Thumba lachiwiri tinaphikira anthu obwera pamaliro awo.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndimasoka mayunifolomu pamsika, ndipo ndikadali ku Budiriro. Thandizo likamveka, kaya la fizi ya sukulu kaya la chakudya, funso limakhala lomwe lija, ndipo ine ndimayankha zoona n'kubwerera kumakina anga chimanjamanja. Ndimaona anansi akusuzumirana pamipanda, kuwerengerana mipando, kunong'onezana za amene ali ndi mwana kunja. Sindiwaseka, ndikudziwa mmene zimakomera. Mai Fungai sindinawakhululukire chifukwa cha chifuwa chabodza chija, ndipo ndaleka kuyesa. Inenso sindinadzikhululukire za ndowa ya ufa ija. Koma chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti ndinamenya munthu amene dzanja langa linkamufikira, pamene wondilakwira weniweni sindinamuonepo nkhope. Alipo munthu amene anakhala pampando muofesi n'kujambula kabokosi kaja, n'kugamula kuti bambo wodwala amene akudzikokabe kupita kuntchito adikire kaye mpaka agone.

Ameneyo ndimamufunabe. Nditamupeza sindingamutukwane ayi. Ndingamudzutse m'mamawa, kumumwetsa mapiritsi aja m'mimba mulibe kanthu, kumupachika chikwama cha zida paphewa, n'kumuuza kuti tiyeni ku Glen View wapansi, ine ndili pambuyo pake.