Ng'oma Yako Ikadali Kuseri kwa Guwa, Chiko

Sindinagone, Chiko mlongo wanga, ndipo Mulungu andikhululukire, sindimapemphera ayi, ndimangowira ndi mkwiyo. Dzulo wina waponya pa gulu la pafoni la mpingo wathu wa ku Indianapolis, kuno kutsidya kwa nyanja, kachidutswa ka filimu ya zikondwerero zikuluzikulu za nyimbo. Iwe uli pakati pa khamu, wopanda nsapato, matope mpaka m'mawondo, ukuimba ng'oma yako uku ukuseka. Pansi pake, pokufanizira ndi azungu osalabadira mwambo otchedwa mahipi, walemba kuti, "Mathero a mahipi ndi amenewa." Mathero ati? Unafa pangozi ya galimoto ukuchokera ku shifiti yosamalira nkhalamba, chaka chathachi!

Ndakumbuka tsiku lija ku South Bend, kunja kukuzizira koopsa, unandikakamiza kuonera filimu yakale ya mahipi, azungu atsitsi lalitali, akugawana buledi mvula ikuwakhuthukira. Ndinati, "Zachikunja izi, zimitsa." Unati, "Sisi, taonani, buledi mmodzi akudya gulu lonse. Ife pachiyanjano timabisa nkhuku mpaka abusa afike." Ndinaseka ndisakufuna.

Tsono ndilankhule ndi inu amene mwalemba zija, ndi inu akuluakulu a mpingo amene mwangokhala chete. Ng'oma ya Chiko ya mukachidutswa mwaponyako ndi yomwe mumavinira Lamulungu lililonse. Loweruka kuli mapemphero okumbukira Chiko, ndipo amayi adzaonera pafoni kumudzi. Muchotsa mawu aja ndi kudzatchula dzina lake mwaulemu, kapena ndibwere ndidzatenge ng'oma yake? Mundiyankhe lisanafike Lachisanu.