Duwa Lodwala Pakhonde Panga

Mayi amene amasesa m'maofesi a nyumba yosanja ya pafupi ndi siteji ya basi timangowatchula kuti Achitini, ndipo dzinalo sakwiya nalo. Ntchitoyo aigwira zaka makumi awiri ndi zinayi. Mabwana akagula maluwa a m'miphika n'kuwaiwala pawindo mpaka kufota, amawauza kuti akataye. Iwo sataya. Amawakulunga m'nyuzipepala, kukwera nawo basi, n'kukawaoka m'zitini za penti kuseri kwa tchalitchi chathu, pafupi ndi mpopi. Amati Mulungu sanalenge chinthu choti chikathere m'bini.

Lero ndimaseka, koma khalidwe lawo lina linandipsetsapo mtima. Munthu akasiya kubwera kutchalitchi, iwo sapita kukamulalikira ayi. Amamupititsira duwa, ndipo sasankha lokongola. Amasankha lodwalitsitsa.

Ine ndine telala. Bambo akunyumba atandisiya, ndinkaona ngati azimayi anzanga akunong'onezana ndikamalowa m'tchalitchi. Kaya zinali zoona, kaya unali mutu wanga, ndinangosiya kupita. Miyezi isanu ndi iwiri ndinali ine ndi makina anga basi, katani wotseka, ngakhale moni wapamsewu ndinkauzemba. Abusa anabwera kawiri, ine zii m'katimo ngati ndachokapo.

Achitini sanagogode n'komwe. Analankhulira pawindo.

"Achemwali, tandisungirani aka. Kwathu malo atha."

"Nthawi ya maluwa ndilibe ine, mayi."

"Madzi kapu imodzi basi. Dzuwa la m'mawa, osati la masana."

Anasiya kaduwa ka m'chitini pakhonde, uyo wapita. Kanthu kake masamba atatu, awiri achikasu. Ndinalusa, ndisaname, ndipo ndinati kafere pomwepo. Koma m'mawa mwake nditakaona katazyolika, manyazi anandigwira, ndinakathirira. Tsono dzuwa la m'mawa kwathu limawomba kumaso kwa nyumba, ndiye ndinayamba kutsegula chitseko, kukatulutsa, masana kukalowetsa. Aneba anayamba kundipatsa moni, ine n'kumayankha, nanga ndikanatani? Loweruka lililonse Achitini ankadutsa, kupisa chala m'dothi, n'kundidzudzula kuti ndachulutsa madzi. Tinkacheza pang'ono titaimirira. Za kutchalitchi sanatchuleko ngakhale kamodzi.

Patatha milungu isanu ndi umodzi tsinde linawola, kaduwako kanafa. Ndinalira, ine mzimayi wamkulu, kulirira kanthu koti ngakhale dzina lake sindilidziwa. Kudikira Loweruka sindikanatha. Lamulungu m'mawa ndinanyamula chitinicho, n'kudzera njira yakuseri kuti anthu asandione.

Ndinawapeza pabenchi pafupi ndi mpopi, akuthothola masamba ouma. M'tchalitchimo mapemphero anali atayamba kale.

"Mayi, ndakapha," ndinatero.

Anasuzumira m'chitinimo, n'kufinya tsindelo ndi zala.

"Inenso amandifera, achemwali. Pa khumi amachira atatu, mwina anayi."

"Ndiye mumavutikiranji?"

"Sindidziwa kuti ochirawo ndi ati."

Anasendera pabenchipo kundisiyira malo, ndipo ndinakhala, chitini chili pamiyendo. Sanandiuze kuti tilowe. Nyimbo tinaimvera panja pomwepo, iwo akupitiriza ntchito yawo, ndipo pofika ndime yachiwiri ndinangozindikira kuti ndikuimba nawo.