Miyezi Itatu Pachitseko

Ndikukumbukira chaka chimene nyumba yathu inakhala miyezi itatu yopanda chitseko. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Khwethemule, m'mphepete mwa esiteti ya tiyi. Agogo anga aamuna, bambo awo a amayi, anali atadulira tiyi moyo wawo wonse, ndipo ngakhale atapuma ntchito sankadziwa kukhala pansi. M'mawa wina wa chiperoni anaterereka pamtsetse akuchokera kodula nthochi, n'kugwa chagada pamwala. Anthu anafuna kuwakweza panjinga, koma anesi ena opuma ntchito a mumpingo mwathu anakalipa: "Musawapinde! Zulani chitseko!" Anawanyamulira pachitseko chathucho mpaka kumsewu.

Kuchipatala anati fupa la msana lathyoka, koma mtsempha sunaduke. Akagona chagada pamalo olimba osadzuka, adzayendanso. Akadzuka msanga, miyendo ikhoza kufa. Basi, atabwerera kunyumba chitseko chija chinasanduka bedi lawo, ndipo pakhomo tinapachikapo chiguduli.

Masiku amenewo ndimawakumbukira ndi fungo la mafuta opaka komanso chinyezi chimene chinkalowera m'mbali mwa chiguduli. Agogo ankangoyang'ana malata tsiku lonse. Ine ankanditchula kuti "akazanga", monga achitira agogo pocheza ndi adzukulu awo, ndipo ndinkawakonda koopsa.

Tsiku lina la Sabata onse anapita kutchalitchi, ine anandisiya kuti ndiziwapatsa agogo madzi.

"Akazanga, tandidzutsani ndikhale tsonga pang'ono, ndioneko kunja," anandinyengerera. "Malatawa andikwana."

Ndinkadziwa bwinobwino zimene madokotala ananena. Koma kwathu mwana sakanira mkulu, akakutuma, umathamanga. Ndinawagwira m'khwapa n'kukoka. Mayo ine! Kukuwa kumene anakuwa sindidzakuiwala mpaka kufa. Ndinawagonekanso, thukuta lili kamukamu, ndipo ananong'ona kuti mwendo wamanzere wachita dzanzi. "Usauze munthu," anatero.

Ndinasunga chinsinsicho masiku awiri, chakudya osalowa. Kenako anesi aja atabwera kudzawatembenuza, anawatsina chala cha kuphazi, koma agogo sanamve. Pamenepo ndinaulula zonse ndikulira. Ndinkayembekeza mkwapulo, koma anesi anangondikhazika pakhonde. "Mwanawe, kumvera unamvera ndithu," anatero, "koma unamvera pakamwa pawo. Msana wawo sunaufunse." Amayi sanandiyankhule tsiku lonselo.

Patapita milungu iwiri, dzanzi litayamba kutha, tinatsalanso awiri. Ulendo uno agogo sananyengerere, analamula: "Iwe, bwera undidzutse."

Ndinagwada monga anandiphunzitsira amayi, manja pamodzi, n'kunena mawu amene ndinali ndisanauzepo munthu wamkulu aliyense: "Ayi, agogo."

Ha! Anandilalatira m'Chilomwe, mawu ena oti sindingawalembe pano. Anati ndine mwana wamwano, wosalangidwa. Mlungu wathunthu sananditchule "akazanga", ndipo madzi ankalandira nkhope ili kukhoma. Zinandiwawa kuposa mkwapulo uja umene sindinaulandire, moti ndinkakalirira kuseri kwa nthochi. Anandiyesanso kawiri konse, ine n'kumangogwada ndi kukana.

Tsiku loti aimirire linafika dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anesi ndi amalume anga anawamanga lamba wolimba m'chiuno n'kuwadzutsa pang'onopang'ono. Agogo anaponya phazi kanayi kufika pakhomo, anakankha chiguduli ndi ndodo, n'kuyang'ana mizere ya tiyi nthawi yaitali. Madzulo ake, amalume akukhomereranso chitseko pamalo pake, agogo anandikodola.

"Akazanga," anatero osandiyang'ana, dzanja likusisita thabwa, "mukanandimvera ulendo wachiwiri uja, matabwa awa bwenzi atandipangira bokosi."

Anakhalanso ndi moyo zaka zisanu ndi ziwiri, akuyenda chowerama pang'ono. Lero ndine amene ndikusamala amayi anga, ndipo nawonso ndi nkhutukumve, mwana wa bambo ake ndithu: mchere anawaletsa kuchipatala, koma tsiku ndi tsiku amaufuna. Ndikamawakaniza ndimagwadabe. Ndinakula ndikuganiza kuti ulemu ndi kuvomera chilichonse chimene mkulu wanena. Tsopano ndikudziwa kuti pa zonse zimene ndinawachitira agogo, ulemu waukulu unali "ayi" uja, ndipo ndi umene unandiwawa kwambiri kuupereka.